Mukadakhala inu, mukadatani?

Mwezi watha ndinali kwathu ku Neno, kumtunda kwa Dambe, nthawi yokumba mbatatesi. Madzulo ena mwana wa mlongo wanga, yemwe ali Folomu 3 pasukulu ina yoyendera, anabwereka foni yanga kuti awone mafunso a Chichewa omwe anzake anatumiza pa WhatsApp. Anali mafunso a nkhani ya mtsikana wokakamizidwa kusiya sukulu, aja tonse tinakumana nawo pokonzekera mayeso a MANEB. Tchulani ampangankhani awiri. Fotokozani khalidwe la bambo ake. Perekani umboni kuchokera m'nkhaniyi. Kumapeto kunali lina la malikisi awiri okha: mukadakhala inu, mukadatani?

Oyambawo anayankha ngati akumwa madzi. Atafika pa lomalizali anaima, cholembera kukamwa.

"Amalume, ili m'notsi mulibe."

"Silingakhalemo," ndinamuyankha. "Akufunsa iweyo."

Anaseka mwamanyazi, kenako anakhala chete nthawi yaitali. Chomwe sanadziwe n'chakuti ineyo ndinaitanidwa kumudziko chifukwa cha iye yemweyo. Mnyamata wina wobwera ku Joni, wa njinga yamoto ndi nyumba ya malata, anali atatuma akwawo kudzafunsira mbeta. Monga mwinimbumba, mawu omaliza ankadikira ine. Akuluakulu onse anali atalankhulapo kale. Mwini wake yekha ndiye sanafunsidwe.

Taganizani mafunso omwe mtsikana wa kumudzi amamva kuyambira m'mawa. Madzi watunga? Mbale watsuka? Unali kuti? Onsewa amafuna "inde" kapena "pepani". Palibe lomwe limafuna maganizo ake. Ndiye akalowa m'kalasi, mphunzitsi n'kumuuza kuti aunike zochita za munthu wamkulu wa m'buku, anene ngati analakwa, apereke zifukwa ziwiri. Ngakhale m'buku lakale ngati Nthondo la Samuel Josia Nthara, la mu 1933, wophunzira amaloledwa kuweruza mpangankhani popanda womunena kuti ndi wamwano. Kwa atsikana ambiri, apa ndi pomwe amayamba kuona kuti kutsutsa mwaulemu, uli ndi umboni m'manja, si mlandu. Amapatsidwa ndi malikisi omwe.

Malamulo tili nawo ndithu. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18 ngati msinkhu wolowera m'banja, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kuti agwirizane nalo. Kuyambira 1993 mtsikana yemwe wachembeza ali pasukulu amaloledwa kubwerera m'kalasi. Ku Dedza, Inkosi Theresa Kachindamoto anatchuka dziko lonse pothetsa maukwati a ana. Komabe kafukufuku wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa amayi 100 alionse a zaka 20 mpaka 24, okwana 42 anakwatiwa asanafike zaka 18. Lamulo lolembedwa ku Lilongwe silikwera lokha mapiri a Dambe. Pamafunika wina pakhomopo atsegule pakamwa, ndipo nthawi zambiri woyamba amayenera kukhala mtsikanayo.

Sindikunena kuti funso la m'buku limagula yunifolomu kapena kufupikitsa mtunda wopita kusukulu. Silikonza msewu wathu uja wovuta nthawi ya dzinja, silibweretsa nsima pakhomo pomwe chimanga chatha mu Januwale. Mlongo wanga sankafuna kutaya mwana, ankafuna kupepukidwa. Umphawi ndi weniweni, ndipo mtsikana wodziwa kuyankhula koma wopanda womuthandiza amagonja basi.

Komatu mverani zomwe zinachitika. Patapita masiku awiri ndinamuuza za nkhani ya mbeta ija, mayi ake ali pomwepo. Sanalire, sanathawire kuseri kwa nyumba. Anagwada, n'kunena kuti, "Amalume, ndili ndi zifukwa zitatu." Choyamba, zaka zake ndi 16. Chachiwiri, chatsala chaka chimodzi kuti alembe MSCE, ndipo akufuna unamwino; anamwino amawaona ku chipatala cha Dambe, ena ndi atsikana ndithu. Chachitatu, anatchula mnzake wa ku pulaimale yemwe mwamuna wake anabwerera ku Joni n'kusiya kuimba foni, mwana ali kumsana.

Mfundo, chifukwa, umboni. Ndendende mmene amayankhira pepala lija. Mayi ake anangoti, "Ha, mwana uyu!" Ine mawu anandithera. Akwawo kwa mnyamata tinawabweza mwaulemu, ndipo zofunika za kusukulu ndinalonjeza kuti ndizigula ndine. Mawu a malume opanda kopisa m'thumba ndi mphepo chabe.

Ndiye inu anzanga muli ndi mafoni m'manjamu, muli ndi alongo ndi ang'ono anu kumudzi. Mukamawatumizira mapepala a mayeso akale, musamangotumiza ndi mayankho oloweza. Imbani. Mufunseni nkhani yomwe akuwerenga, amene akumuona wolakwa, ndi chifukwa chake. Akayankha musamudule, ngakhale mukuona kuti waphonya. Muuzeni abweretse umboni. Kenako mufunse lija la malikisi awiri, ndipo mudikire mpaka ayankhe.