4x4 yanu ndi yeniyeni? Yankho lili pa tayala lakutsogolo

Mvula ikangoyamba kugwa mu Novembala, galimoto za ku Zomba zimagawika pawiri: zimene zimathera pomwe tala wathera, ndi zimene zimapitirira. Msewu wokhotakhota wochoka m'tauni kukafika pa Ku Chawe ndi wa tala, moti ngakhale Sienta imakwera bwinobwino. Koma mukati mupitirire, mukaone Chingwe's Hole kapena Emperor's View, paja anaima mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia mu 1965, mumalowa m'misewu ya dothi ya m'nkhalango, ya miyala ndi matope oterera ngati therere. Phiri limeneli nsonga yake imapitirira mamita 2,000, ndipo silisamala zimene zalembedwa kumbuyo kwa galimoto yanu. Chilembo cha 4x4 chikhoza kumanyezimira, pansi akukoka ali matayala awiri okha.

Ambirife sitinagulebe galimoto zathuzathu, koma makiyi amagwera ife. Pikapu ya adadi, Land Cruiser yakale ya amalume, Hilux ya ku mpingo kapena ya kuntchito. "Iwe paja uli ndi laisensi, tiperekeze." Basi, wanyamula feteleza wopita kumudzi, mpunga wochokera ku Chilwa, azimayi a ku maliro, mwinanso wodwala woti afike ku Zomba Central usiku womwewo. Maulendo otere safuna galimoto yokugwiritsa mwala pakati pa njira. N'chifukwa chake sabata ino ndati tikambe za mahabu, tizitsulo timene ambirife sitinatikhudzepo n'kamodzi komwe.

Habu ndi chiyani?

Pitani mukayang'ane pakati pa tayala lakutsogolo. Mukaona kachitsulo kozungulira kotulukira kunja, kokhala ndi chopotokola komanso mawu awiri, FREE ndi LOCK, habu ndi imeneyo. Pa Land Cruiser za mtundu wa 70 ndi Hilux zambiri zakale, mahabu ake ndi a kampani ya ku Japan yotchedwa Aisin. Nzeru yake ndi yakale ndithu. Mkulu wina wa ku America, Arthur Warn, anayamba kupanga mahabu mu 1948, pofuna kuti ma Jeep otsala ku nkhondo yachiwiri ya dziko lonse aziyenda mopepuka pamsewu wabwino.

Galimoto zotere masiku onse zimakankhidwa ndi matayala akumbuyo, akutsogolo amangogubuduka. Habu ikakhala pa FREE, tayala lakutsogolo limalekana ndi shafuti yake. Choncho shafutiyo, difu yakutsogolo, ndi pulopela imene imabweretsa mphamvu ku difuyo, zonse zimapuma. Mafuta amapulumukako pang'ono, zitsulo sizitha msanga. Mukapotokola kufika pa LOCK, sipuling'i ya m'kati imakankha mphete ya mano kuti ilumane ndi giya imene yakhala pa shafuti, ndipo tayala ndi shafuti zimasanduka chinthu chimodzi. Mukatero mumalowa m'galimoto n'kukoka giya yaing'ono ija, kuchoka pa 2H kupita pa 4H kapena 4L. Apo mphamvu ya injini yafika ku matayala onse.

Tsono mvetsetsani apa. Habu imodzi ikakana kugwira, musaganize kuti mwatsala ndi matayala atatu okoka. Mwatsala ndi awiri akumbuyo basi. Difu ili ndi khalidwe la madzi, imathamangira kumene kuli kofewa. Shafuti ya mbali yakufayo izingozungulira payokha m'kati, tayala la mbali yabwino lili phee. Kagetsi ka 4WD pa dashibodi kakhoza kuyaka ndithu, chifukwa iko kamangoona giya yaing'ono, za ku tayala sikazidziwa. Inu mudzadziwira m'matope.

Vutoli silili pokwera pokha. Potsika phiri, 4L ndi giya yoyamba ndi zimene zimagwira galimoto kuti isathamange, mabuleki n'kumapumako. Mahabu akapanda kugwira, ntchito yobweza galimoto ndi injini imatsalira matayala akumbuyo okha. Pikapu yopanda katundu kumbuyo kwake n'kopepuka, ndiye pa mtsetse wonyowa sichedwa kupita cham'mbali. Amene munatsikako m'nkhalango muja nkhungu itatseka mukudziwa kuti malo olakwitsira ndi ochepa.

Chimaipha n'chiyani?

Madzi, fumbi ndi kuiwalidwa. Gasiketi ikatha, kapena kamphete ka labala ka pa chopotokola kakauma, madzi a m'zithaphwi ndi a kotsukitsa galimoto amalowa m'kati. Girisi amasanduka phala, kenako amauma ngati sopo wakale, dzimbiri n'kupeza pogona. Kuyambira Meyi mpaka Okutobala palibe amene amakumbuka LOCK, ndiye mphete ya mano ija imakhala malo amodzi miyezi yonseyo. Tsiku loifuna, yakakamira.

Zizindikiro zake n'zosabisika. Chopotokola chimalimba mpaka munthu kuyamba kufuna pulayala. Mwina chimazungulira mopepuka kwambiri, osalira chikafika pamalo ake. Mwina mukakhala mu 4H kutsogolo kumamveka kakaka, ngati mano akuphonyana.

Pali njira yoyesera imene sifuna ndalama kapena jeke. Imikani galimoto pamalo athyathyathya, zimitsani injini, kokani handibuleki, ikani miyala ku matayala. Giya yaing'ono ikhale pa 2H. Mahabu onse ali pa FREE, suzumirani pansi n'kugwira pulopela yakutsogolo. Iyenera kuzungulira ndi dzanja mosavuta. Kenako ikani mahabu onse awiri pa LOCK n'kuyesanso. Iyenera kuyenda pang'ono chabe n'kuima nji. Ikamangozungulirabe, habu imodzi kapena onse awiri sakugwira.

Zimene ndinaona ku Chinamwali

Mwezi watha ndinaperekeza Hilux ya amalume, ya dizilo ya m'ma 1990, kwa madala ena amene amakonza galimoto pansi pa mtengo wa mango ku Chinamwali. Chopotokola cha kumanzere chinali chitauma gwa, chili pa FREE. Amalume anali atayamba kale kufunsa mitengo ya habu yatsopano ku Blantyre, ndipo mmene zilili ndi katundu wochokera kunja masiku ano, nkhope yawo sinali bwino. Madalawo anangoyang'ana habuyo n'kuseka.

"Achemwali, kawauzeni amalume anuwo asunge ndalama zawo. Izi sizifa wamba, zimangofuna kusamba. Foni muli nayo? Muzijambula chilichonse chisanatuluke, mudzandithokoza pobwezera."

Anayala katoni pansi. Tayala sanalichotse n'komwe. Anamasula mabawuti 6 ndi sipanala ya 10, ndipo chivindikiro chinatuluka pamodzi ndi sipuling'i ndi mphete ya mano. Chopotokola chimayenera kukhala pa FREE pomasula, ndiye apa mwayi unali wathu. M'katimo munali zinthu zofiirira zonunkha ngati ngalande. Kenako anachotsa kamphete kachitsulo ka pa nsonga ya shafuti, kamene amakaniko amati circlip, n'kumasula manati 6 ndi sipanala ya 12.

Pansi pa manatiwo pamakhala timawashala tosongoka, timene timaluma zolimba moti habu siituluka ngakhale manati onse achoka.

"Apa ndi pamene anyamata amaonongera katundu wa eni," anatero madalawo. "Amatenga hamala n'kumamenya habu ngati yawalakwira. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Iwo anabwezera nati iliyonse pang'ono kuti iteteze mazinga, n'kumagogoda pamutu pake kudzera pa kachitsulo kofewa ka mkuwa. Timawashala tija tinadumpha tokha, kamodzikamodzi, ndipo thupi la habu linatuluka ndi manja.

Chopotokola anachimasulira m'kati mwa jumbo. Nditafunsa chifukwa, anandionetsa kampira kachitsulo kakang'ono ngati njere ya mapira, kokhala pa kasipuling'i kakekake. Ndi kamene kamagwira chopotokola kuti chikhazikike pa FREE kapena pa LOCK. Kakakudumphirani m'fumbi la ku Chinamwali, mukasaka mpaka dzuwa kulowa.

Zonse zinaviikidwa m'palafini n'kutsukidwa ndi mswachi wakale. Zitauma, madalawo anayang'ana mano a mphete ndi a giya limodzi ndi limodzi. Mano abwino amakhala ndi ngodya zooneka, otha amakhala osalala ngati a agogo. Athuwa anali bwino, sipuling'i nayo inali isanaduke. Zatsopano zimene zinafunika zinali zitatu zokha pa habu iliyonse: magasiketi awiri ndi kamphete ka labala.

Pa girisi ndi pamene ndinaphunzira zambiri. Ambiri timaganiza kuti wochuluka ndiye chikondi. Madalawo anangopaka ndi nsonga ya chala.

"Muzipaka ngati majarini a pa buledi kumapeto kwa mwezi, achemwali. Mukadzaza, mpheteyi siyenda. Kuphiri kuja kumazizira, girisi amalimba, sipuling'i imalephera kukankha."

Pobwezera anatsata zithunzi za m'foni mwanga chobwerera m'mbuyo: gasiketi, thupi la habu, timawashala, manati omangidwa modumphadumpha kuti likhale mofanana, circlip, gasiketi yachiwiri, kenako chivindikiro chili pa FREE. Mabawuti a chivindikiro ndi aang'ono, safuna mphamvu za munthu wolima. Mukawakakamiza amadukira m'kati, ntchito ya maola awiri n'kusanduka ya tsiku lonse. Anatsukanso habu ya kumanja ngakhale inkaoneka ngati ilibe vuto, chifukwa zonse zinamwa madzi amodzi. Pomaliza anakweza galimoto n'kugwedeza matayala kuti amve ngati mabering'i akusewera. Sanadalire jeke yokha, anachirikiza ndi chitsulo. Njerwa ayi, zimaphwanyika popanda kutsanzika.

Si habu iliyonse imene ingapulumuke. Mano akatha kapena thupi likang'aluka, gulani ina. Koma wina akakuuzani kuti angoiwotcherera kuti izikhala yogwira mpaka kale, kanani mwaulemu. Mwataya FREE, ndipo tsiku lofuna kumasula mudzachita kudula.

Makhalidwe oisunga

Lokani mahabu musanalowe m'matope, onse awiri. Kutsika galimoto itatitimira kale, nsapato zoyera zili kuphazi, mvula ikukuthirani, si nzeru. Mukapotokola, yendani pang'ono kuti mano apezane.

Mukabwerera pa tala, chotsani 4H. Galimoto zimenezi zilibe difu yapakati, ndiye matayala akutsogolo ndi akumbuyo amakakamizidwa kuyenda liwiro limodzi. Pa dothi amatererako pang'ono n'kumasuka, koma pa tala wouma, makamaka m'makona a msewu wotsika ku Ku Chawe, zitsulo zimapotana mpaka china chigonje. Giya yaing'ono kapena chopotokola chikalimba pochotsa, bwererani m'mbuyo mamita angapo, chimasuka.

Nyengo ya mvula mukhoza kusiya mahabu pa LOCK n'kumayenda pa 2H. Palibe chimene chiwonongeke, mafuta okha ndi amene apite ochulukirapo pang'ono. Ubwino wake ndi wakuti mukaona matope mumangokoka giya muli m'kati. Koma musayende habu imodzi ili pa LOCK, ina pa FREE. Ndipo mukangotsika phiri samalani zala, kutentha kwa mabuleki kumafika mpaka pa habu.

M'chilimwe musaiwale. Mabuku a Toyota amalangiza kuti mwezi uliwonse galimoto iyendeko makilomita 16 mahabu ali pa LOCK, kuti zitsulo zakutsogolo zizungulire n'kudzipaka mafuta. Ulendo umodzi wokagula masitiroberi kuphiri n'kubwerako wakwana kale.

Ndikudziwa kuti ena mukuti izi n'za amakaniko. Zoona, ndipo ngati mulibe zida kapena mtima wodekha, apatseni iwowo. Komabe woyendetsa amene akudziwa zimene zili m'kati mwa habu sagulitsidwa yatsopano pomwe yakale imangofuna palafini ndi gasiketi. Amadziwanso chofunsa akamagula galimoto yogwiritsidwa kale ntchito, chifukwa wogulitsa adzakuonetsani mipando ndi wailesi, za mahabu sadzayambitsa yekha. Atsikana anzanga, nkhaniyi ndi yathunso. Chopotokola chabwino chimayenda ndi zala ziwiri.

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Mvula tikuifuna tonse, chimanga chimere, damu la Mulunguzi lidzaze, mipope ya m'tauni isaume. Matope ake ndi amene tiyenera kukonzekera kudakali kouma. Loweruka likubwerali, musanapite kotsukitsa galimoto, tengani katoni, ikani miyala ku matayala, mugwire pulopela ija. Ikaima nji pa LOCK, uzani a kunyumba kuti galimoto ili bwino. Ikamangozungulira, pitani kwa makaniko sabata yomweyo, mzere wa anzanu otitimira usanayambe.