Nazale kaye, greenhouse pambuyo

Pabuka chizolowezi pakati pa ife a m'tauni, makamaka abale athu amene anabwerera kuno kumudzi atakhala zaka zambiri ku Lusaka, Harare, Johannesburg kapena London. Munthu akangopeza kamalo m'chigwa cha Domasi, nkhani yoyamba imakhala ya greenhouse, nyumba ya pulasitiki yolimamo ndiwo zamasamba. Khasu analigwira komaliza ali ku pulayimale, koma mtengo wa mapaipi akuudziwa kale. Ine ndikuti amangwetu, nazale kaye.

Sikuti greenhouse ndimadana nayo ayi. Koma tidzifunse: ntchito yake n'chiyani? Ku Ulaya amaimanga pothawa chisanu. Ku Domasi chisanu chopha mbewu kulibe, ndipo mu Okutobala nyumba ya pulasitiki yosapita mphepo imawiritsa mbande ngati therere. Phindu lake kuno lili m'dzinja, pamene mvula imabweretsa chiwawu pa matimati ndipo mtengo umakwera pamsika wa Songani ndi wa Zomba. Koma limenelo ndi phindu la mlimi wodziwa kale. Tisaiwalenso kuti pulasitiki, mapaipi ndi mbewu zambiri za m'mapaketi zimachokera kunja, ndipo kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Wophunzira akalakwitsa m'nyumba yotere, amalira ndi penshoni yonse.

Nazale sifuna ngongole. Konzani bedi lokwera, mita imodzi m'lifupi, kuti dzanja lifike pakati osapondapo. Sakanizani dothi ndi manyowa owola bwino. Fesani m'mizere, osazamitsa kuposa sentimita imodzi, phimbirani ndi udzu wouma, n'kumathirira ndi kheni m'mawa ndi madzulo. Mbewu zikangomera, chotsani udzuwo ndipo mange kathandala ka mthunzi pamwamba. Mukathinanitsa mbewu kapena kuchulutsa madzi, mbande zimaola m'tsinde n'kugwa. Matimati, kabichi ndi repu amawokeredwa pakatha masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi. Anyezi amatenga nthawi yotalikirapo. Sabata yomaliza chepetsani mthunzi ndi madzi kuti mbande zikhwime, ndipo muwokere madzulo. Karoti ndi therere musazivutitse ndi nazale, zimafesedwa m'dimba momwemo. Mbewu yolembedwa F1 mudzagulanso chaka chamawa, chifukwa njere zake sizibereka ngati make. Koma bonongwe, mpiru wamakolo ndi nkhwani mungasunge mbewu yake nokha, osapempha munthu.

Zonsezi amayi a m'madimba a m'mbali mwa mtsinje wa Domasi amazidziwa kuposa ine wolemba nyuzipepala. Vuto lathu ndi lakuti sitifuna kuphunzitsidwa ndi munthu wopanda setifiketi. M'nthawi ya chipani chimodzi nzeru za ulimi zinkayenda njira imodzi, kuchokera ku likulu kupita kwa mlimi, ndipo wofunsa mafunso ankaoneka ngati woukira. Pa 14 Juni 1993 Amalawi anakana mchitidwe umenewo pandale. Nanga ife amene timadzitcha a demokalase tiubwezerenso m'dimba, kufika ndi galimoto n'kuyamba kulamula anthu amene akhala akudyetsa tauni ya Zomba zaka zonsezi? Safunsa anadya phula.

Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi madzi. Mtsinje wa Domasi si wa munthu mmodzi. Ukatsika kuchokera kumapiri umapita kukathirira mpunga pa sikimu ya Domasi, yomwe inamangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, kenako n'kukathira m'nyanja ya Chilwa. Nyanja imeneyi inaphwa mu 1995, ndipo mu 2018 inatsala pang'ono kutheratu. Kheni ya wophunzira siingaumitse mtsinje, koma injini zopopa madzi zikachuluka kumtunda m'chilimwe, amene adzagone ndi njala ndi mlimi wa mpunga ndi msodzi, anthu omwe dandaulo lawo silifika msanga pa tsamba ngati lino. Lamulo la madzi la 2013 limati wopatutsa madzi ambiri atenge chilolezo. Ife amene timadzudzula atsogoleri pa za malamulo, tiyambe ndife kulitsata.

Tsono inu amene mwapeza malo, yambani ndi mabedi awiri kapena atatu pamene mvula ikutha. Funsani mlangizi wa boma, funsaninso mayi wa dimba loyandikana nalo, ndipo mumulipire pa nthawi yake monga momwe mungalipirire katswiri wochokera ku Lilongwe. Lembani tsiku lofesa, tsiku lowokera ndi ndalama zomwe mwalowetsa. Mukakolola nyengo ziwiri, bukulo ndi limene lidzakuuzeni ngati greenhouse ikufunika, osati wogulitsa pulasitiki. Kuona maso a nkhono n'kudekha.