Mwana wa zaka 16 afuna cipinda ca lenti: ba landilodi alandile ndalama?

Yendani mu Kanyama, mu Chawama kapena mu George kumapeto kwa mwezi, mudzaona pacipupa palembedwa ndi makala kuti pali cipinda ca lenti. Ogogoda pacitseko si akulu-akulu okha iyai. Ena ndi ana: mnyamata wokankha wilibala ku Soweto Market, mtsikana wa Giledi 11 amene wakangana ndi amai omupeza, kapena mwana wamasiye amene acibale atopa naye. Ndalama ya mwezi umodzi ili m'manja. Ba landilodi naonso, ndi mmene unga wadulila, safunsa zambili. Manje funso ndi ili: kodi lamulo limalola mwana kucita lenti ndi kukhala yekha?

Tiyambe ndi zaka, cifukwa apa ndi pamene ambili timasokonezeka. Mwana akatenga NRC ali ndi zaka 16, amayenda mothimbwidzika ati wakula. Lamulo la nchito la 2019 limamulola kulembedwa nchito kuyambila zaka 15. Koma Konstitushoni, monga inakonzedwela mu 2016, imati mwana ndi munthu wa zaka 18 kapena kucepela pamenepo, ndipo wamkulu ndi wa zaka 19 kupita kumwamba. Lamulo la ana la Children's Code Act la 2022 limatsatila tanthauzo lomweli. Conco NRC ndi ka piece work sizisandutsa mwana kukhala wamkulu.

Nanga pangano la lenti? Pa nkhani za mapangano, makhoti athu amatsatila malamulo amene tinatengela ku England. Mfundo yake ndi yoteteza mwana, osati wamkulu amene wapangana naye. Zinthu zofunika pa umoyo, monga cakudya, zovala ndi pogona, mwana angapangane, ndipo ayenela kulipila mtengo woyenela. Koma pangano la lenti yaitali, mwanayo angalikane ndi kucokamo, pamene ba landilodi sangathawe mbali yao. Mwacidule, kupatsa mwana cipinda pakokha si mlandu wopita nao ku polisi, koma pangano lake ndi la mwendo umodzi. Akathawa ndi nkhongole ya miyezi itatu, mudzamusumila bwanji munthu amene ngakhale kukhoti saimilila yekha popanda wamkulu?

Mwanayo nayenso ali pangozi. Rent Act imanena kuti mwini nyumba sayenela kutulutsa munthu popanda cilolezo ca khoti, ndipo sayenela kufuna lenti ya pasadakhale yopitilila miyezi iwili. Koma tonse tidziwa mmene zimakhalila mu komboni. Palibe pepala, palibe lisiti, pangano ndi la pakamwa. Mwezi ukafa osalipila, upeza loko ina pacitseko, matilesi ndi mbaula zagwidwa. Ngati wamkulu wa ndevu amalephela kulimbana nazo, nanga mwana wa zaka 16 adzayamba bwanji?

Koma nkhani yaikulu si lenti, ndi kukhala yekha. Children's Code Act imaika udindo wa cakudya, pogona, maphunzilo ndi citetezo pa makolo kapena womusunga. Udindo umenewu suthela pa geti tsiku limene mwana wanyamula cola cake. Kholo limene limati “wakula, azionele yekha” likuthawa nchito imene lamulo lalipatsa. Mwana wopanda womuyang'anila ndi mwana wofunika cisamalilo ndi citetezo, ndipo a Social Welfare ali ndi mphamvu yolowelelapo.

Palinso funso limene ba landilodi ambili safuna kufunsa: ndani akulipila lenti? Mtsikana wa pasukulu alibe nchito, koma mwezi uliwonse ndalama imabwela pa foni, ndipo madzulo motoka imaima panja. Tisanamizane, timaziona izi. Kugona ndi mwana wosafika zaka 16 ndi mlandu wa defilement, cilango cake ndi zaka 15 m'ndende kupita kumwamba. Ndipo kucokela mu December 2023, ukwati wa munthu wosafika zaka 18 ndi wopanda nchito pamaso pa lamulo, olo ukhale wa cikhalidwe. Conco kunena kuti “ni mkazi wake” sikupulumutsa munthu. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2018 anapeza kuti atsikana 29 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 anali ndi mwana kale kapena anali ndi pakati. Tuzipinda twa kumbuyo kwa mayadi tuli ndi mbali yake pa nambala imeneyi.

Kwa anyamata ngozi ndi ina. Cipinda copanda wamkulu sicicedwa kusanduka malo okumanila gulu, ndipo ndi mmene ena amayambila kugwela m'magulu aja timawacha ma junkie.

Komabe tisathamangile kuweluza. Si mwana aliyense wocoka panyumba amene ndi wamwano. Ena akuthawa kumenyedwa, ena akuthawa amalume kapena atate owapeza amene amalowa kucipinda usiku. Kumuuza mwana wotele kuti “bwelela kwanu” ndi kumubweza pamoto. Ena ndi amasiye amene acibale anawalanda nyumba malilo asanathe, pamene lamulo la cuma ca masiye la 1989 limapatsa ana theka la cuma ca kholo lomwalila popanda wilo, ndipo nyumba imakhala ya mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana. Mwana wotele safunika cipinda ca lenti ku Mtendere, afunika kumuthandiza kubweza nyumba ya atate ake.

Nanga ticite ciani? Ba landilodi, mwana akabwela ndi ndalama, funsani kholo, ambuya kapena womusunga abwele, pangano likhale m'dzina la wamkuluyo ndipo lilembedwe, olo pa pepala la m'kope. Mukaona kuti mwanayo akuthawa nkhanza, musamuthamangitse usiku, komanso musakhale cete. Pali nambala yaulele ya 116 yothandiza ana, pali Victim Support Unit ku polisi, pali ofesi ya Social Welfare, ndipo pa nkhani ya nyumba yolandidwa pali Legal Aid Board.

Makolo, ngati sukulu ili kutali ndipo mwana afunika kukhala pafupi, funani wacibale kapena banja la kuchalichi lomusunga. Zikakanika, lenti ikhale m'dzina lanu, mudziwane ndi mwini yadi, ndipo muzipitako osati cabe kutumiza ndalama pa foni. Boma linacotsa malipilo a sukulu mu 2022, koma silinacotse udindo wanu.

Ndipo iwe wacicepele amene ukusunga ndalama pansi pa pilo kuti ucoke panyumba, welengela bwino. Lenti siibwela yokha. Imabwela ndi makala, madzi a pa kiosk, malaiti ndi ndiwo, mwezi ndi mwezi, olo udwale. Ngati panyumba pali moto, uza wamkulu amene umakhulupilila kapena imba 116 usananyamule cola. Kiyi ya cipinda ndi yopepuka m'thumba, koma tsiku limene malungo adzakugwila pakati pa usiku, siidzakupelekeza ku kiliniki.