Bwalo la zamasewero ndi udindo wa makhonsolo athu

Chiyambire pamene bungwe la FAM lidakhwimitsa malamulo opereka ziphaso ku matimu a mu Super League, timu siingasewerenso pabwalo lina lililonse. Oyendera mabwalo amafuna mpanda wolimba, zipata zokwanira, zimbudzi, zipinda zosinthira ndi kapinga wosamalika. Mabwalo ambiri a m'maboma, monga a ku Dedza, Kasungu, Karonga ndi Mangochi, ali m'manja mwa makhonsolo. Choncho bwalo likakanidwa, mutu umapweteka ndi wa khonsolo.

Malamulowa sadabwere pofuna kuzunza anthu ayi. Pa 6 July 2017, anthu asanu ndi atatu, ambiri a iwo ana, adamwalira popondana pa zipata za Bingu National Stadium ku Lilongwe. M'chaka cha 2021 bungwe la CAF lidakana bwalo lomwelo, ndipo Flames idakasewerera masewero ake apakhomo ku Orlando Stadium ku Johannesburg. Ngati bwalo la dziko lonse lidalephera patangopita zaka zinayi chilitsegulireni, nanji la khonsolo imene imadalira misonkho ya pamsika?

Vuto lagona pa kasamalidwe. Atsogoleri amakonda kumanga chifukwa chomanga chimaoneka pa nthawi ya chisankho, koma ndalama zothirira kapinga ndi kukonzera zimbudzi zimaiwalika. Makhonsolo ambiri amadzidzimuka oyendera mabwalo atatsala pang'ono kufika, n'kumapaka penti usiku ndi usana. Kuno ku Ntcheu tidaonanso ntchito yomanga bwalo la paboma ikukoka zaka zambiri kupyola nthawi imene adalonjeza.

Mkhristu wa ku Kasinje angafunse kuti nkhaniyi ikumukhudza bwanji. Ndalama zomangira bwalo ndi za tonse, ndipo khonsolo yomweyo ndiyo iyenera kuganiziranso mijigo, milatho ndi zipatala za kumudzi. Lamulo la maboma ang'ono la 1998 lidapereka mphamvu ku anthu, ndipo Mpingo umaphunzitsa kuti chuma cha onse chizitumikira ubwino wa onse.

Tsono akatekisiti ndi a bungwe la Chilungamo ndi Mtendere m'miphakati alimbikitse akhristu kufunsa makhansala kudzera m'makomiti a chitukuko: kodi ndalama za pachipata zimapita kuti? Kodi zokonzera bwalo zilipo m'ndondomeko ya chuma ya chaka chino? Achinyamata athu ndiwo adzadzaze mabwalowa, ndipo moyo wao ndi wopatulika.