Nyemba za khonsolo ndi chuku cha pakhoma langa

Lachiwiri lapitali, pa kabowo ka makalata ka pachitseko changa panagwa kapepala kochokera ku khonsolo ya mzinda umene ndimakhala kuno ku England. Ndinakatola mtima uli dididi, poganiza kuti mwina ayankha za khoma la kuchipinda kwa ana. Ayi ndithu. Kanali kapepala kobiriwira ngati dimba la kudambo, kondilangiza kuti ndichepetse nyama, ndizidya nyemba. Kuseri kwake analembako ndi kaphikidwe komwe.

Kundiphunzitsa ine kuphika nyemba! Ine amene ndinadya nyemba masana ndi madzulo kwa zaka 4 kusekondale yogonera konko, nyemba zofumbwa, tizilombo tikuyandama pamwamba pa msuzi, ife n'kumangotikankhira pambali ndi chala. Amene munadutsa m'sukulu zoterozo mukudziwa zimene ndikunena. Nyama tinkaiona mwa kamodzikamodzi, kanthuli kake kochita kufunafuna ndi supuni ngati singano yogwera mumchenga. Palibe amene anatiuza kuti tikuteteza chilengedwe. Tinkangoti sukulu ilibe ndalama.

Koma musandimve molakwa, nkhaniyi si yaing'ono kuno. Mu December 2021, makhansala a Oxfordshire anavomereza kuti pamisonkhano yawo pazikhala chakudya chopanda nyama, mkaka kapena mazira. Alimi a ziweto anakwiya, anakasonkhana panja pa likulu la khonsoloyo ku Oxford, ndipo Jeremy Clarkson, bambo wa pa wailesi yakanema uja amene masiku ano ndi mlimi m'dera lomwelo, anathira nawo mafuta pamoto. Mu 2022 katawuni ka Haywards Heath kanasaina chikalata chotchedwa Plant Based Treaty, cholimbikitsa anthu kudya zomera, ndipo mu January 2023 Edinburgh inachita chimodzimodzi. Nawonso a ku Cornwall anabweza moto chaka chomwecho: anavota kuti kwawo nyama ndi mkaka za alimi awo sizichoka patebulo. Akuluakulu ovala mataye, osankhidwa ndi mavoti, kutha maola akukangana za sangweji ya pa nkhomaliro yawo.

Chifukwa chake ndikuchimva. Ng'ombe ikamageya imatulutsa mpweya wa methane umene umatenthetsa dziko, ndipo bungwe la FAO linawerengera mu 2013 kuti ziweto zimatulutsa 14.5 peresenti ya mpweya wonse wotenthetsa dziko wochokera ku ntchito za anthu. Ife a ku Malawi, amene tinaika maliro ochuluka chifukwa cha namondwe Freddy mu 2023, sitingaseke nkhani ya kusintha kwa nyengo. Chimene chimandiseketsa ndi ulemu umene nyemba zapeza mwadzidzidzi. Agogo anga anakhala moyo wawo wonse pa nkhwani wotendera, chisoso, bonongwe, chigwada, kholowa ndi mfutso wa m'chikwatu. Nkhuku inkafa pa Khirisimasi kapena kukabwera mlendo wolemekezeka. Akanakhala moyo lero, kuno akanawajambula pachikuto cha magazini n'kuwatcha mtsogoleri wa kadyedwe kamakono. Iwo akanangofunsa kuti, kodi nyamayo mwaikana, bwanji osandipatsa ine?

Ndasochera. Ndibwerere ku khoma.

Nyumba imene ndimakhala ndi ya khonsolo yomweyo imene yanditumizira kapepalaka. Kuchipinda kwa ana, pakona ya kumtunda kwa zenera, pali chuku chakuda chimene chimabwera mwezi wa November uliwonse ngati ngumbi za mvula yoyamba. Timapukuta, chimabwerera. Timapaka penti, chimaboola pentiyo. Mayi a kunyumba anaimba foni mpaka anailoweza nyimbo imene amakuikira podikira. Patatha miyezi, kunabwera mnyamata waulemu wake, atanyamula kachipangizo koyezera chinyezi. Anagunditsa pakhoma, anayang'ana kudenga, kenaka mphuno inamutsogolera kukhitchini, kumene mphika wa nyemba unali kubwata kuyambira m'mawa.

Anafunsa kuti mphikawo umakhala pamoto nthawi yaitali bwanji. Mayi a kunyumba anati maola atatu, nyemba zikakhala zouma bwino. Mnyamatayo anagwedeza mutu ngati sing'anga amene wapeza mfiti. Vuto ndi limenelo, anatero. Nthunzi. Muchepetse zophikaphika zotenga nthawi, muzitsegula mazenera, musamayanike zovala m'nyumba.

Tsono taonani. Ofesi ina ya khonsolo ikuti idyani nyemba kuti dziko lisatenthe. Ofesi ina ya khonsolo yomweyo, mwina pakhomo loyandikana, ikuti nyemba zanuzo ndi zimene zikuwolitsa nyumba yathu. Akulu akale anati walira mvula walira matope. Wafuna nyemba wafuna nthunzi. Ngati khonsolo ikufunadi kuti tonse tizidya nyemba, iyambe yatiikira fani yogwira ntchito kukhitchini, chifukwa yathu inasiya kuzungulira mwana wathu wachiwiri asanayambe kuyenda, ndipo pano ali kusukulu. Kapena nyemba zimene akunena ndi za m'chitini zija, zotsekemera ngati phala la mwana, zimene anthu akuno amathira pa buledi m'mamawa? Zimenezo ndiye ayi, pepani.

Ndipo kutsegula zenera mwezi wa January kuno si nkhani yocheza. Hita ikuyaka, mita ikuthamanga, iwe n'kutsegula zenera kuti ufunditse mbalame za panja. Zovala uyanike kuti, m'dziko limene dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane ndipo mvula siitsanzika?

Apa ndiye pamene kuseka kumandithera. Mu December 2020, ku Rochdale, mwana wa zaka 2 dzina lake Awaab Ishak anamwalira. Khoti lofufuza za imfa linagamula mu November 2022 kuti chinamupha ndi matenda a m'chifuwa obwera chifukwa chopuma chuku kwa nthawi yaitali m'nyumba imene ankakhala. Bambo ake, ochokera ku Sudan, anali atadandaula kuyambira 2017, ndipo poyamba anauzidwa kuti angopakapo penti. Eni nyumbayo, bungwe la Rochdale Boroughwide Housing limene linatenga nyumba zimene kale zinali za khonsolo, anaganiza kuti vuto ndi kakhalidwe ka banjalo, mpaka kukayikira kasambidwe kawo, popanda kuwafunsa n'komwe. Chodabwitsa n'chakuti chaka chathunthu chigamulochi chisanaperekedwe, mu October 2021, ofesi yomva madandaulo a anthu okhala m'nyumba zoterezi, ya Housing Ombudsman, inali italemba kale lipoti louza eni nyumba kuti aleke kuthamangira kuloza chala kakhalidwe ka anthu okhalamo. Lipoti linalembedwa, linasindikizidwa. Mnyamata amene anabwera kwathu uja kaya analiona.

Imfa ya mwanayo inabala lamulo lotchedwa ndi dzina lake, limene linayamba kugwira ntchito pa 27 October 2025. Tsopano mwini nyumba zoterezi akauzidwa za chinyezi ndi chuku choopsa, ayenera kufufuza pasanathe masiku 10 ogwira ntchito, ndipo changozi chenicheni achikonze m'maola 24. Kuyambira April 2024, bungwe loyang'anira nyumbazi limayenderanso makhonsolo n'kuwapatsa magiredi, C1 mpaka C4, ngati ana asukulu. Khonsolo ya Newham ku London ndi imene inayamba kulandira C4, giredi ya kumchira, mu October 2024. Zonsezi n'zabwino. Koma dzifunseni: zinatheka bwanji kuti mpaka pafunike nyumba ya malamulo ku Westminster kuti iuze mwini nyumba kuti khoma likanyowa azipita kukaliona? Moto wa Grenfell wa 2017, umene unapha anthu 72 m'nyumba ya khonsolo imene okhalamo anali atachenjeza kale, sunakwane kuwaphunzitsa kumvetsera?

Ntchito yoyang'anira nyumba za khonsolo ili m'manja mwa makhansala. Ali ndi makomiti oti azifunsa akuluakulu a nyumba mafunso ovuta: madandaulo angati sanayankhidwe, akhala miyezi ingati, ndani anapita kukaona. Koma ntchito imeneyo ndi yotopetsa, ya manambala ndi mapaipi, ndipo atolankhani sabwera. Nkhani ya soseji ndiye imadzaza holo. Wina amaima kuteteza dziko lonse lapansi, wina amaima kuteteza mlimi, onse amatuluka m'nyuzipepala, ndipo palibe amene watulutsa ndalama yooneka. Kuvota kuti pa nkhomaliro pasakhale nyama n'kwaulere. Kusintha mazenera a nyumba 500 si kwaulere. Edinburgh yomwe ija, itasaina za zomera mu January, pofika November chaka chomwecho inalengeza kuti mzindawo uli pa vuto ladzidzidzi la kusowa kwa nyumba. Sindikuti china chinabala chinzake. Ndikungoti chikalata choyambacho chinali chosavuta kusaina.

Ena adzati makhonsolo alibe ndalama, ndipo n'zoona, boma lalikulu linawadula kwambiri kuyambira 2010, ndipo Birmingham inachita kulengeza mu 2023 kuti thumba labooka. Chabwino. Nanga ndalama yosindikizira kapepala konyezimira kaja, n'kulipira munthu woti akaponye khomo ndi khomo, inachokera kuti? Fani ya kukhitchini kwanga siingapose mtengo wa mapepala a mumsewu wathu wokha.

Kapepalako sindinataye. Ndakamata pakhoma la kuchipinda kwa ana, pakona pomwe paja, ndipo kakubisa bwino theka la chukucho. Ndalembanso kalata ina yodandaula, ulendo uno ndatchulamo lamulo latsopanolo ndi tsiku lake, ndipo andiyankha msangamsanga kuti mnyamata uja abweranso Lachinayi m'mawa. Mayi a kunyumba anena kale kuti nyemba aziviika Lachitatu usiku.