Za madoko a Nacala ndi Beira, atifunseko ife alimi

Feteleza amene timathira mumpunga wa ku Likangala ndi ku Khanda amayamba watsika m'sitima ya pamadzi ku Beira kapena ku Nacala, m'dziko la Mozambique. Tsiku lililonse limene wagona padoko kapena pachipata kudikira mapepala, ndalama yake imadzachoka m'thumba mwa mlimi. Nandolo wathu naye popita ku India amadzera komweko m'makontena, ndipo kontena ikachedwa, venda amatsitsa mtengo pasikelo.

N'chifukwa chake bungwe lino silitsutsa kuti ndalama zipite kwa akatswiri ounika mmene madoko, njanji ndi zipata zingagwirire ntchito limodzi. Kudumpha gawo limeneli tinaona kumene kumathera. Mu Okutobala 2010 malemu Bingu wa Mutharika anatsegulira doko la Nsanje asanamvane ndi eni ake a kunsi kwa Zambezi. Bwato lonyamula feteleza linagwidwa ndi boma la Mozambique lisanafike. Kafukufuku wa njira ya Shire ndi Zambezi, amene analipiridwa ndi African Development Bank, anabwera doko litamangidwa kale. Kumeneko n'kugula mbereko mwana asanabadwe.

Tsono ndalama zinabweranso. Mu 2021 Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inavomereza madola 380 miliyoni oti Malawi ndi Mozambique akonzere njira zamalonda, ndipo mu Okutobala 2023 atsogoleri a Malawi, Mozambique ndi Zambia anasainirana pangano la njira ya Nacala. Zonsezi n'zabwino. Koma alimi anzathu, ndani wa inu anaonapo katswiri atakhala pansi pa mtengo ndi kalabu ya kuno kunyanja ya Chilwa? Misonkhano imathera m'mahotela, malipoti amalembedwa m'Chingerezi chovuta, kenaka amakagona m'kabati ku Lilongwe.

Chowawa n'chakuti njanji ya ku Nacala ili pakhomo pathu. Imadutsa pa Liwonde n'kukatulukira ku Nayuchi, kumpoto kwa nyanja yathuyi, chiyambire 1970. Itakonzedwanso, zimene zinayamba kuyenda mothinana ndi malasha a ku Moatize. Ife timangomva kulira kwa sitima.

Tikupempha Unduna wa Zamtengatenga zinthu zosavuta. Katswiri aliyense wolipidwa ndi ndalama zimenezi awerengere poyera mtengo wa thumba limodzi la makilogalamu 50 kuchokera padoko, kudzera pa Liwonde, mpaka pamsika wa Jali kapena ku Kachulu, ndipo aonetse pamene ndalama ikudontha. Afotokozenso ngati makalabu angaphatikize nandolo n'kudzaza kontena yawoyawo pa Liwonde. Pakomiti yolandira lipotilo pakhale nthumwi za alimi ang'onoang'ono, amayi akhalepo, ndipo mfundo zake zimasuliridwe m'Chichewa ndi m'Chiyao.

Ife tisapite manja lendelende. Mlembi wa kalabu iliyonse asonkhanitse malisiti a feteleza a chaka chino, alembe mtengo umene mamembala anagulitsira nandolo ndi mpunga, ndi ndalama imene analipira pangolo kapena panjinga. Zimenezi zifike ku ofesi ya bungwe msonkhano wa mwezi wamawa usanachitike.