Cinenero Sicidikira Caka Comaliza

Pali uphungu wina umene uli kufala pakati pa anyamata ndi atsikana ofuna maphunziro apamwamba, ndipo ndifuna kuutsutsa poyera. Uphunguwo uti: ngati watenga digiri yophatikiza uinjiniya ndi Arts, yamba walimbana ndi masamu ndi makina, cinenero udzacionera kutsogolo, pakuti ndico copepuka. Amene anena mau awa kawiri-kawiri ndi anthu okoma mtima, ena aphunzitsi, ena akulu athu amene anapitako kale. Koma kukoma mtima sikusandutsa uphungu woipa kukhala wabwino.

Poyamba timvane za digiri imeneyi. Ku Australia, pa mayunivesite monga Sydney, Monash ndi Queensland, wophunzira aloledwa kusenza madigiri awiri pamodzi. Uinjiniya paokha utenga zaka 4. Akauphatikiza ndi Arts, zaka zikhala 5 kapena kupitirira pang'ono. Ku mbali ya Arts munthu asankha yekha cimene afuna: mbiri yakale, ndale, nzeru za kaganizidwe, kapena cinenero ca mtundu wina. Ndinena ndi iwo amene asankha cinenero, ndi iwonso amene ali kulingalira za njira yotere asanalembe makalata opempha malo.

Colakwa ca aphungu athu ndi ici: ayesa kuti maphunziro onse a Arts ali ofanana. Si tero ai. Mbiri ya Roma mungathe kuiphunzira caka cino, ya China caka ca mawa, kapena kutembenuza, osataya kanthu. Cinenero ciri ngati makwerero. Simungaponde pa mtanda wacitatu musanaponde woyamba ndi waciwiri. Kalasi la oyamba kumene kawiri-kawiri litsegulidwa kamodzi pa caka. Mukaliphonya, mudikira miyezi 12. Ndipo mukayamba ndi kulekeza pakati, cimene munaphunzira sicikhala cikudikirani. Cinenero ciri ngati moto wa pa mafuwa: mukausiya usiku umodzi mupeza makala, mukausiya mlungu wathunthu mupeza phulusa.

Cimene cindidabwitsa ndi cakuti ocita colakwa ici ndi mainjiniya, anthu amene adziwa bwino kuti zinthu zina sizifulumizidwa. Injiniya aliyense adziwa kuti mphamvu ya konkire iyesedwa patapita masiku 28. Ngakhale muitane anchito zana, ngakhale bwana akalipe cotani, konkire ilimba pa nthawi yace. Nanga bwanji munthu yemweyo ayesa kuti lilime ndi khutu zidzalimba m'miyezi 8 yotsiriza?

Tiyeni tiwerenge monga awerengera iwo. Boma la America liri ndi sukulu yochedwa Foreign Service Institute, kumene akazembe ace aphunzira zinenero. Kumeneko munthu wolankhula Cingerezi, amene alibe nchito ina koma kuphunzira, m'kalasi la anthu owerengeka, maora oposa 20 pa mlungu, afuna milungu 24 kufikira 30 kuti agwire nchito m'Cipwitikizi kapena Cifalansa. Cijeremani cifuna milungu 36, ndiwo maora oposa 800. Cichaina, Cijapani ndi Ciarabu zifuna milungu 88, maora oposa 2,000. Tsono yang'anani ku yunivesite. Tinene kuti kalasi la cinenero likumana maora 5 pa mlungu, milungu 13 pa cigawo ca caka. Awo ndi maora 65. Pa caka, 130. Woyamba m'caka cacinai adzatuluka ndi maora 260. Woyamba tsiku loyamba, osalekeza zaka 5, adzatuluka ndi 650. Ngakhale iyeyu sanafike pa muyeso wa Cijeremani, ndipo Cichaina acionera patali. Nanga mnzace wa maora 260 uja? Adziwa kupereka moni, kufunsa mtengo wa nsomba, ndi kunena kuti mlongo wace ali ndi mphaka. Pa cikalata cace palembedwa dzina la cinenero, koma mumpatse kalata ya pangano la nchito, muone thukuta.

Aphungu ayankha kuti zaka zoyamba za uinjiniya ndizo zolemera, ndipo mwana asasenze mitolo iwiri. Ndibvomera kuti masamu a caka coyamba agwetsa ambiri. Koma afunseni amene anatsiriza ngati zaka zomaliza zinali za mpumulo. M'menemo ndimo muli nchito yaikulu ya kufufuza ndi kulemba, ndi mapulani ocitira pamodzi m'magulu, ndi masana athunthu m'labotale amene sasunthidwa cifukwa ca kalasi la Cifalansa. Mayunivesite ambiri a ku Australia afunanso kuti wophunzira akagwire nchito ku kampani milungu ngati 12 asanalandire digiri. Pamwamba pa izo, mtima uli kale pa kufuna nchito. Kuika cinenero m'zaka zimenezo kuli ngati kubzala cimanga mvula iri kutha. Akulu anati m'mera mpoyamba.

Alipo amene anaiganiza bwino nkhani iyi. M'caka ca 1987, pa University of Rhode Island ku America, mphunzitsi wa Cijeremani, John Grandin, pamodzi ndi mkulu wa sukulu ya uinjiniya, Hermann Viets, anayambitsa maphunziro a zaka 5 opatsa madigiri awiri, ya uinjiniya ndi ya Cijeremani. Pambuyo pace anaonjezapo Cifalansa, Cispanishi, Cichaina ndi zina. Makonzedwe ace ndiwo ayenera kuyang'anitsitsa. Cinenero ciyenda pamodzi ndi masamu kuyambira paciyambi. Kenaka wophunzira apita kunja caka cathunthu: miyezi ina pa yunivesite, monga ya ku Braunschweig ku Germany, ndi miyezi 6 m'kampani ya dziko lomwelo, kumene kapitao ndi anzace a pa nchito alankhula cinenero cao. Caka cimeneco ndico cikwaniritsa maora amene kalasi silingathe kupereka. Koma zindikirani kuti khomo limenelo litsegukira yekhayo amene anayamba msanga. Palibe amene atumiza ku fakitale ya ku Germany munthu wodziwa moni yekha.

Pali colakwa cina, mbale wace wa coyamba cija. Wina alawa Cispanishi caka cimodzi, aona kuti anzace athamangira Cijapani, nayenso alowako, ndipo potsiriza ayesako Citaliyana cifukwa amva kuti mayeso ace ndi ofewa. Ici cakoma, ici cakoma, pusi anagwa cagada. Zinenero zitatu za caka cimodzi-cimodzi sizifikana ndi cimodzi ca zaka zitatu, monga zitsime zitatu zosafika pa madzi sizimwetsa mudzi.

Mwina wina adzati: Cingerezi cikwanira, ndipo masiku ano foni imasulira zonse. Foni imasuliradi mau olembedwa, ndipo sindiinyoza. Koma onani amene anamanga zinthu zazikulu za dziko lino. Damu la Kariba, lomangidwa kuyambira 1955 kufikira 1959, mapulani ace anacokera kwa Mfalansa André Coyne, ndipo omanga anali Ataliyana a kampani ya Impresit. Njanji ya TAZARA, makilomita 1,860 kucokera ku Dar es Salaam kufika ku Kapiri Mposhi, inamangidwa ndi Achaina pamodzi ndi anthu athu kuyambira 1970 kufikira 1975. Malo a magetsi a Kafue Gorge Lower, a mamegawati 750, amene anatsirizidwa mu 2023, anamangidwa ndi Sinohydro ya ku China. Pa nchito zotere msonkhano ucitika m'Cingerezi, inde. Koma msonkhano ukatha, alendowo atembenukirana ndi kukambirana m'cinenero cao, ndipo pamenepo ndi pamene zenizeni zinenedwa. Injiniya wathu aima pambali ndi foni yace m'manja, adikira kuuzidwa cimene anzace afuna kuti amve. Amene amva yekha akhala pa mphasa ya akulu.

Ife a kuno tiri ndi mwai umene mwana wa ku Sydney alibe. Ambiri a inu mulankhula kale Cinyanja, Cingerezi, ndi Cibemba kapena Citumbuka, ndipo simuopa kutsegula pakamwa pa anthu. Koma musanyengedwe nazo. Zinenero zimenezo munaziphunzira zaka zambiri, pa bwalo, pa msika ndi pa maliro, tsiku ndi tsiku. Ndiwo umboni wa cimene ndiri kunena, si cifukwa cozengerezera.

Posankha, musafunse kuti copepuka ndi citi. Funsani kumene mudzagwira nchito. Wa ku Cipata akumbukire kuti njanji ya ku Mchinji iloza ku doko la Nacala, ndi kuti Tete ndi Cahora Bassa ziri pafupi. Kumeneko ndi Cipwitikizi. Wofuna migodi ayang'ane Lubumbashi ndi Kolwezi, kumene mapangano alembedwa m'Cifalansa. Wofuna Cichaina ayambe mlungu woyamba wa caka coyamba, ndipo akonzeretu za kukakhala ku China; ngati sangathe, asankhe cina.

Ndipo musanabvomere malo, pemphani ndandanda ya zaka zonse 5, osati ya caka coyamba cokha. Lembani makalasi a cinenero poyamba, cigawo ndi cigawo popanda mpata, ndipo muone pamene agundana ndi labotale. Funsani caka cimene ophunzira apita kunja, ndi muyeso wa cinenero umene ufunika kuti munthu aloledwe. Caka coonjezera ndi ndalama zambiri, za makolo kapena za boma. Ngati ndandanda ikana kupatsa cinenero malo kuyambira paciyambi, tengani uinjiniya wokha wa zaka 4, mubwere kwanu msanga, ndipo ndalama za caka cacisanu zilipirire mng'ono wanu sukulu.